Kodi kuzizira kwa dera ndi mbiri ya banja zimamvekadi mu vinyo wa Tempranillo?

Nachisale analemba:

Moni kwa nonse amene mumakonda kukambirana za vinyo. Ndili ndi funso limene ndikukhulupirira kuti ena mwa inu mungandimasulire bwino. Pa mabotolo ambiri a vinyo wofiira wa mphesa za Tempranillo, makamaka ochokera kumpoto kwa Spain, pamalembedwa mfundo ziwiri mobwerezabwereza. Yoyamba ndi yakuti mphesazo zinalimidwa kudera lozizira kapena lokwera, ndipo yachiwiri ndi yakuti vinyoyo ndi cholowa cha banja limene lakhala pa ntchitoyi kwa mibadwo ingapo. Ndikufuna kudziwa ngati mfundo ziwirizi zimamveka m'kamwa mwa munthu amene akumwa vinyoyo, kapena ngati ndi mawu okometsera malonda chabe.

Nkhani ya kuzizira ndiyo ikundizunguza kwambiri. Spain ndi dziko la dzuwa lamphamvu, choncho munthu angayembekezere kuti mphesa yobadwira kumeneko iyenera kukonda kutentha, koma opanga vinyo akuoneka kuti amanyadira minda ya m'mapiri ndi ya m'madera a mphepo yozizira. Ndaonanso kuti vinyo wina wa Tempranillo amakhala wofiira mowala, wopepuka ndiponso wowawasa pang'ono, pamene wina amakhala wakuda, wolemera ndi waukali, mwakuti nkovuta kukhulupirira kuti onse achokera ku mtundu umodzi wa mphesa. Pomaliza, ndinamva kuti mphesa imeneyi ili ndi makolo ake odziwika. Ngati zili choncho, kodi tikamanena za banja la vinyo ameneyu tikunena za anthu opanga kapena za mbewuyo?

Mbewe anayankha:

Mayi Nachisale, ine ndiyankha mbali ya kuzizira, chifukwa pa mtundu umenewu wa mphesa nyengo ndiyo imalamula pafupifupi zonse zimene mumamva m'kamwa. Tempranillo ndi mphesa yofulumira kupsa. Imakhwima mphesa ina yotchedwa Garnacha, imene imalimidwa nayo limodzi kudera la Rioja kumpoto kwa Spain, isanafike pokololedwa, ndipo mwachibadwa ilibe asidi wambiri ngakhale chaka chitayenda bwino. Mphesa ikamapsa, shuga amachuluka pamene asidi akuchepa. Asidi wa mu mphesa alipo wa mitundu iwiri ikuluikulu, wa tartaric ndi wa malic. Wa tartaric sasintha kwambiri, koma wa malic chipatsocho chimamudya pang'onopang'ono pamene chikupuma, ndipo kukatentha, makamaka usiku, chimamutha mofulumira. Kuwonjezera apo, Tempranillo imadziwika kuti imakoka potaziyamu wambiri m'nthaka n'kumuunjika m'zipatso, ndipo potaziyamuyo amafooketsa mphamvu ya asidi amene watsala. Mlimi wa kudera lotentha usana ndi usiku amapezeka ndi mphesa zodzaza shuga koma zopanda kuwawasa kulikonse, nthawi zina makoko ndi njere zisanakhwime n'komwe. Vinyo wa mphesa zotero amakhala waukali ndi wolemera, amanunkhira ngati zipatso zophika, ndipo sachedwa kufooka m'botolo, popeza asidi ndi amene amasunga mtundu wa vinyo ndi kumuteteza ku tizilombo tomuwononga.

Kuzizira kumachedwetsa zonsezi, kotero kuti makoko amapeza nthawi yokhwima asidi asanathe. Komabe tiyenera kusamala, chifukwa ku Spain mawu akuti dera lozizira amanena za zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kukufotokoza vinyo wowala ndi wakuda amene mwatchula.

Kuzizira koyamba n'kochokera kunyanja ya Atlantic. Dera la Rioja lili m'chigwa cha mtsinje wa Ebro, ndipo chakumadzulo kwake, ku Rioja Alta ndi ku Rioja Alavesa, mapiri a Sierra de Cantabria amatchinga mvula yambiri ndi mphepo yamkuntho yochokera kunyanja, koma mpweya wozizira ndi wa chinyezi umadutsabe. Minda ya kufupi ndi Haro, Labastida ndi Laguardia ili pa nthaka ya dongo losakanikirana ndi laimu, imene imasunga madzi mokwanira popanda kupatsa mpesa chakudya chochuluka. Mukamatsika ndi mtsinjewo kulowera kum'mawa, ku Rioja Oriental, kumene mpaka 2018 kunkatchedwa Rioja Baja, dziko limatsika, mvula imachepa ndipo kutentha kumakula, n'chifukwa chake kalekale alimi a kumeneko ankadalira kwambiri Garnacha imene imapirira dzuwa. Umboni wosavuta kuutsutsa ndi nthawi yokolola: kufupi ndi Alfaro amayamba kuthyola mphesa kumapeto kwa August kapena kumayambiriro kwa September, pamene minda yokwera ya kumadzulo imatha kudikira mpaka mu October. Vinyo wa kumadzuloko ndi amene amakhala wofiira mowala, wa fungo la sitiroberi, cherry ndi mapulamu ofiira, ndi kafungo ka zitsamba zouma chapansipansi. Ukali wake nthawi zambiri umakhala pa 13 kapena 13.5 peresenti, ndipo kuwawasa kwake kumachititsa kuti m'kamwa mubwere malovu munthu akameza.

Kuzizira kwachiwiri n'kochokera ku kukwera kwa malo. Dera la Ribera del Duero lili pa chitunda chachikulu cha Castilla, ndipo minda yambiri ili pakati pa mamita 750 ndi 1,000 pamwamba pa nyanja. Kumeneko masana a m'chilimwe amatentha kwambiri, nthawi zina kuyandikira madigiri 40, koma dzuwa likangolowa kutentha kumatsika ndi madigiri 15 kapena kuposerapo. Dzuwa lamasana limakhuthalitsa makoko ndi kuwapatsa mtundu wakuda ndi tannin wambiri, amene amaumitsa m'kamwa, pamene usiku wozizira umapulumutsa asidi. Vinyo wake ndi wakuda ndi wamphamvu, wa fungo la zipatso zakuda, koma salemera mopanda moyo monga wa m'zigwa zotentha. Ine ndimaona kuti si bwino kutcha Ribera del Duero dera lozizira popanda kufotokoza, chifukwa kwenikweni ndi dera la usiku wozizira ndi nyengo yaifupi yolimira.

Kuzizira kuli ndi mtengo wake umene alimi amalipira. Chisanu chikagwa mipesa itaphuka kale chimapsereza mphukira zonse, monga zinachitikira kumapeto kwa April 2017, pamene minda yambiri ya ku Rioja Alta ndi ku Ribera del Duero inataya gawo lalikulu la zokolola usiku umodzi. M'chaka chozizira mopitirira ndi cha mvula yambiri mphesa sizikhwima bwino, vinyo amakhala wopyapyala ndi wa fungo la masamba aawisi, ndipo nkhungu imawononga matsango. Choncho mlimi amene amasankha munda wokwera amavomera kutaya zaka zina kuti apeze vinyo wabwino m'zaka zimene zayenda bwino.

Namwale anayankha:

Zimene a Mbewe afotokoza ndi zomveka, ndipo ine ndikufuna kuyankha funso lomaliza la Mayi Nachisale, lokhudza makolo a mbewuyo. Munamva zoona, mayi. Mu 2012 akatswiri a ku Instituto de Ciencias de la Vid y del Vino mumzinda wa Logroño, pamodzi ndi anzawo a ku IMIDRA, bungwe lofufuza za ulimi ku Madrid, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa DNA zosonyeza kuti Tempranillo inabadwa kuchokera ku mitundu iwiri, Albillo Mayor ndi Benedicto. Albillo Mayor ndi mphesa yoyera imene imalimidwabe ku Ribera del Duero, ndipo ku Rioja imadziwika ndi dzina lakuti Turruntés. Benedicto ndi mphesa yofiira ya ku Aragón imene inatsala pang'ono kutheratu, moti anthu ambiri, ngakhale a ku Spain komweko, anali asanaimvepo. Palibe munthu amene anakonza kuti mitundu iwiriyi ikwatirane. Mungu wa mpesa wina unangogwera pa duwa la unzake, njere inamera, ndipo mlimi wina amene dzina lake silinalembedwe paliponse anaona kuti mpesa watsopanowo ukubala zipatso zabwino, n'kuyamba kudula nthambi zake ndi kuzibzala. Kafukufuku ameneyu anathetsanso nthano imene inkafotokozedwa kwambiri, yakuti Tempranillo ndi m'bale wa mphesa ya Pinot Noir amene amonke a ku Burgundy, ku France, anabweretsa podutsa njira ya apaulendo opita ku Santiago de Compostela. Nthanoyo inali yokoma kuimva, koma mbewuyi ndi mbadwa ya ku Spain mbali zonse ziwiri.

Pali mfundo imodzi imene anthu ambiri saidziwa, ndipo ndi imene imapangitsa nkhani ya banja kukhala yofunika. Mpesa womera kuchokera ku njere sufanana ndi kholo lake, choncho mtundu uliwonse wa mphesa umasungidwa podula nthambi, osati pofesa njere. Izi zikutanthauza kuti mipesa yonse ya Tempranillo, imene ku Spain kokha ili pa mahekitala pafupifupi 200,000, ndi zidutswa za chomera chimodzi choyambirira chija, chimene chakhala chikudulidwa ndi kubzalidwanso kwa zaka mazanamazana. Pa nthawi yaitali chonchi nthambi zina zimasintha pang'ono mwa izo zokha, ndipo alimi a dera lililonse ankasankha zimene zikuyenerana ndi kwawo. Mayina ambiri amene mbewuyi ili nawo akusonyeza ulendo umenewu: ku Ribera del Duero ndi Tinto Fino kapena Tinta del País, ku Toro ndi Tinta de Toro, ku La Mancha ndi Cencibel, ku Catalonia ndi Ull de Llebre, ndipo ku Portugal ndi Tinta Roriz m'chigwa cha Douro koma Aragonez ku Alentejo. DNA imati zonsezi ndi mtundu umodzi, koma alimi a ku Ribera ndi ku Toro amaumirira kuti mipesa yawo yakale imabala zipatso zazing'ono ndi za makoko okhuthala kusiyana ndi za kwina, ndipo ine ndimawakhulupirira, chifukwa mibadwo yambiri ya alimi osankha nthambi mosamala siingalephere kusiya chizindikiro. Kusintha kwakukulu kumene tikukudziwa kunapezeka mu 1988 m'munda wina ku Murillo de Río Leza, pamene nthambi imodzi ya mpesa wofiira inabala tsango la mphesa zoyera. Nthambiyo inachulukitsidwa, ndipo kuyambira 2007 Tempranillo Blanco ndi mtundu wololedwa mu vinyo wa Rioja.

Apa ndi pamene banja la mbewu limakumana ndi banja la anthu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 minda yambiri yatsopano inabzalidwa ndi nthambi za mipesa yochepa yosankhidwa chifukwa chobereka kwambiri, ndipo mipesa yotero imabala matsango akuluakulu a zipatso zamadzimadzi. Banja limene linasunga minda ya agogo awo, n'kumadula nthambi kuchokera ku mipesa yambiri yakale pobwezeretsa imene yafa, linasunga kusiyanasiyana kumene ena anataya. Kampani ya Roda ya ku Haro inaona kufunika kwa zimenezi moti inayendayenda m'minda yakale ya Rioja kusonkhanitsa mipesa ya Tempranillo mazanamazana yosiyana maonekedwe kuti isatheretu. Choncho munthu akandiuza kuti vinyo wake ndi cholowa cha banja, funso langa loyamba limakhala lakuti mipesayo ili ndi zaka zingati ndipo nthambi zake zinachokera kuti.

Chinthu china chimene chimandikhudza mtima n'chakuti m'minda yakale ya ku Ribera del Duero mipesa ya Albillo Mayor inkabzalidwa mosakanikirana ndi ya Tinto Fino, ndipo mphesa zake zinkaponderedwa pamodzi. Alimiwo ankasunga kholo pafupi ndi mwana wake popanda kudziwa kuti pali ubale. Kuyambira 2019 malamulo a deralo amalola kuti Albillo Mayor ipangidwe vinyo woyera payokha ndi kugulitsidwa ndi dzina la Ribera del Duero.

Nkhoma anayankha:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene a Mbewe ndi Mayi Namwale anena, koma ndikufuna kuchenjeza pa chinthu chimodzi. Zambiri zimene anthu amazitcha kukoma kwa Tempranillo, kapena kukoma kwa dera lozizira, kwenikweni ndi kukoma kwa migolo ndi kwa zaka zimene vinyo wakhala mu migolomo. Fungo la vanila ndi la kokonati silichokera ku mphesa ayi, limachokera ku matabwa a oak ya ku America. Fungo la chikopa, la fodya wouma ndi la masamba ofota limabwera pamene vinyo akukalamba pang'onopang'ono akukumana ndi mpweya wochepa. Tempranillo payokha si mphesa ya fungo lamphamvu, ndipo chifukwa cha kufatsa kwake imatengera msanga chilichonse chimene wopanga waichita. Pa chifukwa chimenechi, mwambo wa nyumba yopanga vinyo umamveka kwambiri mu mtundu umenewu kuposa mu mitundu ina yambiri.

Mwambowo uli ndi mbiri yodziwika. Nyumba zopanga vinyo za Marqués de Murrieta, imene inayamba mu 1852, ndi Marqués de Riscal, imene inakhazikitsidwa ku Elciego mu 1858, zinali m'gulu la zoyamba kubweretsa ku Rioja njira za ku Bordeaux, ku France, zosungira vinyo mu migolo ya malita 225. Kenaka kachirombo kotchedwa phylloxera, kamene kamadya mizu ya mpesa, kanawononga minda ya ku France kuyambira m'zaka za m'ma 1860, ndipo amalonda a ku Bordeaux anawolokera ku Spain kukafuna vinyo. Popeza njanji yopita kudoko la Bilbao inkadutsa ku Haro, nyumba zopangira vinyo zinamangidwa mozungulira siteshoni, pamalo amene mpaka lero amatchedwa Barrio de la Estación. López de Heredia inayamba mu 1877, CVNE mu 1879, ndipo La Rioja Alta mu 1890. Banja la Muga linayamba ntchito yake ku Haro mu 1932 ndipo linasamukira kusiteshoniko patapita zaka. Kachiromboko kanafika ku Rioja mu 1899, ndipo minda inayenera kubzalidwanso pomezanitsa nthambi za Tempranillo pa mizu ya mipesa ya ku America imene sigonja ku kachiromboko. Ku Toro, m'malo a mchenga wambiri mmene kachiromboko kamalephera kuyenda, mipesa ina ikadali pa mizu yakeyake mpaka lero.

Funso la Mayi Nachisale linali lakuti kodi banja limamveka m'kamwa. Yankho langa ndi lakuti limamveka pokhapokha ngati banjalo likupanga zisankho zimene kampani yofuna phindu la msanga siingapange. Malamulo a Rioja amati vinyo wofiira wa Crianza asungidwe zaka ziwiri, chimodzi mwa izo mu mgolo, wa Reserva zaka zitatu, chimodzi mu mgolo, ndipo wa Gran Reserva zaka zisanu, zosachepera ziwiri mu mgolo ndi zosachepera ziwiri m'botolo. Koma a López de Heredia, amene tsopano akuyendetsedwa ndi m'badwo wachinayi wa banjalo, amasunga vinyo wawo wotchedwa Viña Tondonia Reserva mu migolo yakale kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ali ndi amisiri awoawo opanga ndi kukonza migolo, ndipo amayeretsa vinyo ndi zoyera za mazira monga ankachitira makolo awo. Kusunga vinyo nthawi yaitali choncho kumatanthauza kuti ndalama zambiri zagona m'zipinda za pansi kwa zaka, ndipo amene angapirire zimenezo ndi anthu oganizira adzukulu awo. Zotsatira zake zimamvekadi, pakuti vinyoyo amakhala wofiira motuwira, wofewa, wowawasa mosangalatsa ndi wa fungo losiyana kotheratu ndi la vinyo watsopano. Apa ndiyenera kuvomereza kuti mfundo ya a Mbewe ndi yanga zimadalirana, chifukwa vinyo wopanda asidi sangapirire zaka zisanu ndi chimodzi mu mgolo. Mwambo wa ku Haro unatheka chifukwa cha nyengo ya ku Haro, ndiponso chifukwa chosakaniza Graciano ndi Mazuelo pang'ono, mphesa zimene zili ndi asidi wochuluka kuposa Tempranillo.

Komabe dzina lakale pa botolo si umboni wakuti banja lomwelo likadalipo. Vega Sicilia, imene ambiri amaiona kuti ndi nyumba yotchuka koposa ku Ribera del Duero, inayambitsidwa ndi Eloy Lecanda mu 1864, koma inadutsa m'manja mwa eni angapo banja la Álvarez lisanaigule mu 1982, chaka chomwecho chimene deralo linalandira chilolezo chotetezera dzina lake. Vinyo wake sanachepe mtengo chifukwa cha zimenezo, kusonyeza kuti chimene chimasunga khalidwe la vinyo ndi munda ndi kagwiridwe ka ntchito, osati magazi okha. Mayina ena akale ali m'manja mwa makampani akuluakulu, ndipo nyumba zambiri za ku Rioja zimagula mphesa kwa alimi masauzande ambiri amene mayina awo salembedwa pa botolo. Alimi amenewo nawonso ali ndi cholowa chawo. Ku Rioja Alavesa mabanja a m'midzi akhala akupanga vinyo poponya matsango athunthu m'mathanki otseguka, kuwasiya kuti ayambe kuwira mkati mwa zipatso, kenaka n'kuwaponda ndi mapazi. Vinyo ameneyu samaikidwa mu mgolo ndipo amamwedwa akadali watsopano, choncho ndi amene amaonetsa chipatsocho popanda matabwa kuchiphimba.

Nachisale analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu chifukwa cha mayankho ozama chonchi. Ndamvetsa tsopano kuti kuzizira kumateteza asidi, kuti mbewuyo ili ndi makolo ake, ndiponso kuti mwambo wa banja umamveka kudzera m'zisankho za m'munda ndi za mu migolo. Chimene chatsala n'chakuti munthu amene wagwira botolo m'manja alibe mwayi wofunsa mwini munda mafunso amene Mayi Namwale atchula. Kodi pa botolopo pali zizindikiro zotani zimene zingasonyeze kuti mawu a kuzizira ndi a cholowa ali ndi maziko? Ndikufunanso kudziwa ngati vinyo wa Tempranillo wopangidwa kunja kwa Spain ndi Portugal, makamaka m'madera amene mbewuyi yafika posachedwapa, angakhale ndi khalidwe lofanana ndi limene a Mbewe afotokoza.

Mbewe anayankhanso:

Mayi Nachisale, chizindikiro choyamba ndi dzina la malo, ndipo likakhala la malo aang'ono ndi pamene limakhala lodalirika. Mawu akuti Rioja okha amaphimba dera lalitali makilomita oposa 100, lozizira mbali ina ndi lotentha mbali ina, ndipo kwa nthawi yaitali malamulo a kumeneko ankalemekeza zaka za mu mgolo kuposa munda umene mphesa zachokera. Opanga ena sanakhutire ndi zimenezi, moti nyumba ya Artadi ya ku Laguardia inatuluka m'bungwe loyang'anira dzina la Rioja kumapeto kwa 2015. Mu 2017 bungwelo linakhazikitsa gulu latsopano lotchedwa Viñedo Singular, limene limafuna kuti mphesa zichokere m'munda umodzi wodziwika, wa mipesa ya zaka zosachepera 35, zithyoledwe ndi manja, ndipo zokolola za mphesa zofiira zisapitirire makilogalamu 5,000 pa hekitala. Analolanso kulemba dzina la mudzi pa botolo. Mukaona dzina la mudzi kapena la munda, mukhoza kufufuza nokha kukwera kwa malowo m'malo mongokhulupirira mawu a wogulitsa.

Chizindikiro chachiwiri ndi ukali wolembedwa pa botolo. Vinyo wa 15 peresenti amene akudzitcha wa kudera lozizira amandikayikitsa, chifukwa ukali umachokera ku shuga, ndipo shuga wochuluka chotero amasonyeza dzuwa lambiri kapena kuchedwa kukolola. Chaka chokolola nachonso n'chofunika, popeza munda womwewo umapereka vinyo wosiyana m'chaka chotentha ndi m'chaka chozizira. Kuseri kwa botolo la Rioja kumakhala kachizindikiro ka bungwe kosonyeza ngati ndi Crianza, Reserva kapena Gran Reserva, ndipo kameneka kamakuuzani za zaka zosungira vinyo zimene a Nkhoma atchula, osati ubwino wa munda. Ponena za banja, ndimakhulupirira kwambiri opanga amene amanena poyera kuti minda ndi yawo, amaitchula mayina ndi kunena chaka chimene inabzalidwa, kusiyana ndi amene amangolemba chaka chimene kampani inayamba.

Kunja kwa Spain ndi Portugal mfundo ya nyengo siisintha. Earl ndi Hilda Jones anabzala Tempranillo pa munda wawo wa Abacela m'chigwa cha Umpqua, kumwera kwa Oregon, mu 1995, atafufuza dala malo a chilimwe chofunda, usiku wozizira ndi nyengo yaifupi yolimira ngati ya kumpoto kwa Spain. Ku Australia mbewuyi yachita bwino m'madera okwera monga Adelaide Hills ndi kufupi ndi Canberra, kumene munda wa Mount Majura umadziwika nayo. Vinyo wa kumaderawa amakhala ndi cherry, zitsamba ndi kuwawasa kumene ndinafotokoza, koma kawirikawiri sakhala ndi fungo la vanila ndi chikopa la ku Haro, chifukwa opanga ambiri a kumeneko samusunga nthawi yaitali mu oak ya ku America. Mipesa yawo ndi yaing'ono pa msinkhu ndipo inachokera ku nthambi za mitundu yochepa, choncho kusiyanasiyana kwa mipesa yakale kumene Mayi Namwale afotokoza kukadali m'tsogolo kwa iwo.

Ngati mukufuna kudzimvera nokha kusiyana kumeneku, pezani vinyo watsopano wosalowa mu mgolo wa ku Rioja Alavesa, wina wa msinkhu womwewo wa ku Toro kapena ku La Mancha, ndi Reserva ya nyumba imodzi yakale ya ku Haro. Muziziritse onse kufika pa madigiri 16, chifukwa vinyo wofunda amabisa asidi ndi kukuza ukali, ndipo muyambe ndi awiri atsopanowo musanalawe Reserva, kuti fungo la matabwa lisakutsekeni mphuno musanamve chipatsocho.